Nzika za Arthur Simfukwe

"Ine Arthur Simfukwe, palibe mwala wa ku Chisenga kuno umene sundidziwa. Ndikaima pachulu n'kutsokomola kamodzi kokha, Mafinga yonse itsika m'mapirimo ndi ana kumsana. Loweruka la mtsutso bwalo lija lichepa, mudzandiuza."

Mawu amenewa anawalankhulira pakhonde la golosale yanga, botolo la chakumwa ataligwira pakamwa ngati maikolofoni. Ine ndine Mackson, kwathu ndi ku Thyolo, koma ku Chisenga ndakhalako mokwanira kudziwa kuti ukayamba ndi "monire" katundu amayenda msanga. Sukulu ndinalekezera fomu thuu, pamene ine ndi masamu tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Ndili ndi golosale, njinga yamoto ndi chimkuzamawu chimene chimalira paukwati, pampira ndi pamsonkhano. Ndiye aliyense wofuna kumveka ku Chisenga amayamba wadutsa pakhonde langa.

Arthur anali mwana wa payunivesite, wophunzira zandale, ndipo anali atabwera kutchuthi. Ana a ku Chitipa amene ali m'mayunivesite ali ndi bungwe lawo, ndipo mpando wa tcheyamani unali wopanda munthu. Ofuna mpandowo anali awiri: Arthur ndi mtsikana wina dzina lake Sylvia, wophunzira zaulimi. Anakanganirana pa WhatsApp mpaka mafoni kutentha.

Amene anathetsa phokosolo ndi mayi Carol, ochokera ku bungwe lina la ku Lilongwe lolimbikitsa ophunzira kutenga mbali pa zochitika za dziko. Iwo anati: "Ana inu, dziko silimangidwa ndi zala zapafoni. Ku Chisenga kukhala mtsutso wa anthu ofuna ukhansala. Pitani m'midzi. Amene adzabweretse nzika zambiri kuti zidzafunse mafunso, mpando ndi wake."

Mpandowo sunali wamasewera. Tcheyamani ndiye amapita ku Lilongwe kukalankhulira achinyamata a boma lonse, pa kanema penipeni. Arthur anali atasoketsa kale jekete kwa telala wa pa boma, lamabatani onyezimira, ndipo anali atauza abale ake onse mpaka a ku Mughese kuti aziyang'ana kanema, mwana wawo ali pafupi kutulukamo.

Akudzitama choncho, Sylvia anali m'golosale kugula sopo. Anatuluka akuseka.

"Mutsokomole bwino, a Tcheya. Mungadzutse agalu okha."

"Iwe Sylvia, zako zomakhala pamphasa ndi amayi n'kumatongola nawo chimanga ndi zamakedzana. Anthu akufuna masomphenya."

"Ine ndimawafunsa pamene pakuwawa. Iwe umawauza."

"Kufunsa ndi kwa munthu wosadziwa," anatero Arthur.

"Safunsa uja anadya chiyani kodi?" Sylvia anatero akutsika masitepe. "Ankolo a Mackson, mumusungireko madzi otsukira m'kamwa."

M'mawa mwake tinamanga chimkuzamawu kumbuyo kwa njinga yamoto, Arthur pakati ngati nyama ya m'banzi, ine kutsogolo. Tinayamba ndi midzi yapafupi.

Vuto la kwanu ndi lakuti anthu amakudziwa usanavale jekete. Pamudzi woyamba Arthur anakwera pachitsa, n'kuyamba: "Nzika zolemekezeka, demokalase imafuna kuti..."

"Si mwana wa a Simfukwe uyu?" anafunsa mkulu wina amene ankasoka thumba pansi pa mtengo. "Uja anagwera m'dibi la ng'ombe akuthawa sukulu?"

"Ndi yemweyo, dada," anayankha mayi wina. "Nkhupakupa sizimuluma mpaka lero."

Msonkhano unathera pomwepo, anthu akupukuta misozi ya phwete.

Pamudzi wachiwiri anthu anabwera mothamanga ndi mabeseni pamutu. Atamva chimkuzamawu anayesa ndife mavenda ogula nyemba. Atazindikira kuti tabwera ndi ufulu wachibadwidwe, anabwerera ndi nyemba zawo. Mayi mmodzi yekha anatsala n'kufunsa ngati Lowerukalo kukhale malaya aulere. Arthur anamufotokozera kuti nzika yeniyeni sigulidwa ndi malaya. Mayiyo anati wamva, koma iye ndi nzika yongoyamba kumene.

Pamudzi wachitatu anatiuza kuti Sylvia anadutsa kale, ndipo anawathandiza kuona chimene chikupha nkhuku zawo. Loweruka apita, koma apita ndi Sylvia.

Arthur anakhala pamwala, nkhope itagwa. Kenako anadzuka mwadzidzidzi n'kuloza kumapiri.

"A Mackson, anthu a m'mphepete mwa msewuwa anawonongeka. Nzika zenizeni zili uko, kumene sikufika galimoto. Pali kanjira kachidule kuseri kwa phiri ilo."

"Mukukadziwa bwino, achimwene? Ine kwathu mapiri ake ndi a tiyi. Awa onse ndimangowaona ofanana."

"Mchombo wanga uli m'dothi lino. Yendetsani."

Ndinayendetsa. Kanjirako kanali ka mbuzi, ndipo mbuzi zake zolimba mtima. Tinakwera, tinatsika, tinakankha njinga pamtsinje wina madzi akufika m'mawondo, tinakweranso. Tili pamwamba pa mtunda foni yanga inalira. Ndinaiona.

"Achimwene, foni ikuti takulandirani ku Zambia."

Arthur anaseka mpaka kugwira m'mimba. "A Mackson, netiweki imeneyo ndi yosochera. Uthenga umenewo umandipeza ngakhale kuseri kwa nkhokwe ya bambo anga. Mlengalenga mulibe malire."

Zimenezo zinali zoona. Ngakhale pagolosale panga, mphepo ikaomba kuchokera kumadzulo, foni imasamuka dziko mwini wake ali pampando. Ndinaibwezera m'thumba.

Kutsika mtundawo tinapeza mudzi waukulu ndithu, wotchedwa Luvumbu: sukulu ya njerwa, tchalitchi, kagolosale, bwalo la mpira lopendekeka. Nditayatsa chimkuzamawu anthu anatuluka m'nyumba ngati ngumbi mvula yoyamba. Kumeneko kunali kusanafike mlendo wonyamula maikolofoni kwa nthawi yaitali, ndipo chachikulu, palibe amene ankadziwa za dibi la ng'ombe.

"Monire mose!" anakuwa Arthur.

"Yewo!" linayankha bwalo lonse.

Mnyamata uja anatupa ndikumuona. Anasakaniza Chitumbuka, Chichewa ndi Chingerezi chija chachitali chimene chimafuna kupumira pakati. Anthuwo Chichewa ankachimva bwino, kungoti chawo chinkapendekera kwina, koma ku Chitipa mudzi uliwonse uli ndi lilime lake, ndiye sindinadabwe.

"Feteleza wotsika mtengo anafika kuno?" anafunsa Arthur.

"Yayi!"

"Msewu anakukonzerani?"

"Yayi!"

"Khansala wanu munamuona liti?"

"Tsiku lovota!" anakuwa mayi wina, bwalo lonse n'kugwa ndi kuseka.

"Nanga aphungu?"

"Amakhala ku likulu. Tikumva kuti ananenepa!"

Arthur ananditsina pamkono n'kunong'ona: "Mwamva, a Mackson? Awa ndiye mavuto a Malawi weniweni. Sylvia sangafike kuno ndi nkhuku zake."

Ine ndinavomera. Madandaulo amenewa ndinawamva ku Thyolo, ndinawamva ku Mzimba, ndinawamva pa boma. Anali athu enieni, opanda chigamba. Ngakhale wa kagolosale kaja analandira ndalama zathu osaziyang'ana kawiri pamene ndinagula mabanzi.

Arthur atamaliza, anawaitanira onse ku mtsutso wa ku Chisenga. Apo ndi pamene anaimirira bambo wina wamtali, wa magalasi omangidwa ndi waya, a Trust Sinkala, mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo, amenenso ankaphunzitsa kwaya. Anavula chipewa mwaulemu.

"Yewo chomene, wadada. Mawu anu atikhudza. Ku Chisenga timapitako, chigayo n'komweko, msika n'komweko, ana athu anakwatiwa komweko. Koma za msonkhanozi, kodi sizivuta? Pajatu ife kuno ndife..."

"Ndikudziwa!" anawadula Arthur, dzanja m'mwamba. "Ndinu oiwalika! Ndinu otayidwa! Ndicho chifukwa chake ndabwera."

"Enya, koma ndimati, kuyambira pamtsinje paja mwawolokapo..."

"Mtsinje! Mwamva, anthu inu? Aphunzitsi athunthu akuopa mtsinje! Mtsinje umene alephera kuumangira mlatho ndi umene ukutsekeni pakamwa? Palibe mtsinje, palibe phiri, palibe munthu wa yunifolomu amene angaletse nzika kufunsa funso. Ndani wakuitanani? Ndi ine. Wina akakufunsani, muzikati Arthur Simfukwe."

Anthu anawomba m'manja. Amayi analuluta. A Sinkala anatsegulanso pakamwa, anayang'ana khamu lija, anayang'ana Arthur, n'kubwezera chipewa kumutu. Mlendo akakuitana kwawo ndi mtima wonse chonchija, kukana ndi mwano.

Ndaona anthu ambiri ogwira maikolofoni yanga, abusa, andale, ogulitsa mankhwala a makoswe. Onse ali ndi nthenda imodzi: maikolofoni ikafika pakamwa, makutu amatseka. Koma Arthur nthenda yake inali yokula. Ankayenda mtunda wonse uja kukaphunzitsa anthu kulankhula, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anamulola kumaliza chiganizo.

Tinabwererako kangapo mtsutso usanafike. Arthur ankawaphunzitsa kaimidwe pofunsa funso: chifuwa patsogolo, maso pa mtsogoleri, osagwada, osayamba ndi "pepani". Anasankha mayi uja wa "tsiku lovota" kuti adzafunse za mlatho. Ulendo womaliza anafunsa a Sinkala ngati sukulu ili ndi mbendera.

"Ilipo, wadada, koma mbendera yake ndi ya..."

"Yakale? Yong'ambika? Zilibe kanthu. Nzika sichita manyazi ndi mbendera yake kulikonse kumene ili. Mudzaipinde bwino, mudzaitambasule ndikadzakupatsani chizindikiro. Kwaya nayonso ikonzekere nyimbo ya fuko. Ndikufuna anthu a m'mphepete mwa msewu aja adzaone kukonda dziko."

"Mukunenetsa?" anafunsa a Sinkala.

"Ine sindilankhula kawiri."

"Chabwino," anatero aphunzitsi. "Inu ndinu wa ku yunivesite."

Loweruka linafika. Bwalo la mpira la pa Chisenga linasesedwa, matebulo anayalidwa nsalu, ine ndinalumikiza chimkuzamawu changa. Ofuna ukhansala anali atatu, onse m'masuti dzuwa likuswa mtengo, thukuta likutsikira m'makolala. Mayi Carol anakhala pakati. Kumbali kunali alendo olemekezeka: abusa, wapolisi, ndi a Oliver a zolowa ndi kutuluka m'dziko, bambo wa ku Balaka wamimba yaulemu, kasitomala wanga wa shuga, amene anabwera chifukwa anamva kuti kukhala zoziziritsa kukhosi.

Anthu a Sylvia anafika molawirira. Sanali ochuluka modabwitsa, koma analipo ndithu: amayi a nkhuku aja, achinyamata a mpira, madoda angapo. Anakhala mbali imodzi ya bwalo. Mbali ya Arthur kunali Arthur, jekete lake, ndi galu wina amene ankafuna mthunzi.

Pemphero linachitika, nyimbo ya fuko tinaimba, mtsutso unayamba. Anthu a Sylvia anafunsa za mjigo wowonongeka, za mankhwala a ziweto, za denga la sukulu. Sylvia anadutsa pafupi ndi Arthur.

"A Tcheya, chifuwa chatha? Tsokomolanitu, Mafinga ikudikira."

Arthur anangokonza jekete lake. Maso anali kuphiri. Ine mtima unandiwawirako, pajatu jekete lija linali lokongola.

Mayi Carol anayang'ana wotchi, anayang'ana mbali yopanda anthu ija, n'kuyamba kukonza pakhosi. Pomwepo tinamva ng'oma.

Poyamba inali kutali ngati mtima wa munthu. Kenako fumbi linaoneka pakanjira ka mbuzi kaja. Kenako anthu. Abale anga, anthu! Amayi ndi ana kumsana, monga Arthur ananenera. Madoda ndi ndodo. Anyamata panjinga. Kwaya mu yunifolomu, a Sinkala patsogolo atakumbatira kanthu kopindidwa m'pepala lapulasitiki. Luvumbu yense anatsika, ndi midzi yoyandikana nayo, mathalauza atanyowa mpaka m'mawondo. Anadzaza mbali ya Arthur, anasefukira mbali ya Sylvia, ena anakwera m'mitengo. Bwalo linachepa.

Ofuna ukhansala aja anawongola mataye nthawi imodzi. Mavoti ochuluka chonchi anali asanawaonepo pamalo amodzi.

Arthur anandilanda maikolofoni. "Mayi Carol, alendo olemekezeka, ndi iwe Sylvia: ndatsokomola."

Sylvia anangoti kukamwa yasa. Mayi Carol anaimirira n'kuyamba kujambula ndi foni, akuti zimenezi ziyenera kukaoneka ku Lilongwe.

Mayi wa mlatho uja anapatsidwa mpata. Anaima monga anaphunzitsidwira, chifuwa patsogolo, osagwada. "Ife a ku Luvumbu tatopa kuwoloka mtsinje ngati ng'ombe. Mlatho mutimangira liti?"

Woyamba wa ofuna ukhansala analumpha. "Mayi, mlatho wa ku Luvumbu uli pamtima panga. Ndinadutsako sabata yatha, ndinalira."

Wachiwiri sanafune kutsalira. "Mnzangayu akunama. Ine ku Luvumbu ndi kwa amayi anga aang'ono. Miyala ya mlathowo ndinayamba kale kuunjika."

Wachitatu analonjeza milatho iwiri, wina wopitira, wina wobwerera.

Khamu linasangalala. Munthu mmodzi yekha ndiye sanaombe m'manja. A Oliver anali ataika botolo pansi, akukanda chibwano. Anandikodola.

"A Mackson, mayiwa akuti achokera kuti?"

"Ku Luvumbu, bwana."

"Luvumbu," anatero pang'onopang'ono, ngati munthu amene walumira mwala mu mpunga. "Luvumbu uti?"

Ndisanayankhe, mayi Carol anali atafika pakati pa bwalo. "Ndikuganiza kuti palibe chokambirana. Sylvia wayesetsa, koma maso athu aona. A Simfukwe, bwerani." Anatambasula dzanja, ndipo kumbuyo kwawo anyamata awiri anali atanyamula kale mpando wa pulasitiki woyera, woti tcheyamani watsopano akhalepo pamaso pa anthu.

Munthu wina aliyense akanagwira dzanja lija, n'kukhala pansi, n'kuthokoza Mulungu. Mpando unali pomwepo, ukuwala padzuwa. Koma maikolofoni inali idakali pakamwa.

"Dikirani kaye, mayi," anatero Arthur. "Nyimbo ya fuko imene inaimbidwa m'mawa muja inali yofooka, ngati ya anthu odwala malungo. Ndikufuna Chisenga ione mmene nzika zenizeni, zophunzitsidwa ndi Arthur Simfukwe, zimakondera dziko lawo. Pitirizani kujambula. Aliyense aimirire! Aphunzitsi, mbendera!"

A Sinkala anamuyang'ana komaliza, maso akuchonderera pamwamba pa magalasi. "Wadada, ndimati mwina..."

"Mbendera!"

Tonse tinaimirira. Wapolisi anaima njo, dzanja pachipumi. A Sinkala anamasula pulasitiki ija, ana awiri a kwaya anagwira nsonga, n'kukoka. Mphepo ya ku Mafinga inaitambasula bwinobwino kuti aliyense aione. Inali yatsopano ndithu, yosang'ambika paliponse. Yobiriwira, mizere itatu pakona, pamwamba pake nkhwazi itatambasula mapiko.

Dzanja la wapolisi linatsika pang'onopang'ono.

A Sinkala anakweza mkono, kwaya inapuma limodzi, ndipo khamu lonse lija linaimba. Anaimba bwino, sindinama. Amayi pamwamba, madoda pansi, manja pachifuwa, ena misozi m'maso. Anaimba ndi mphamvu zonse monga Arthur anawalamulira, nyimbo ya fuko la Zambia kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chimkuzamawu changa chikuipititsa mpaka kumsika.

Arthur anayamba nawo ndi mawu a nyimbo yathu, mokweza, maso atatseka. Mzere woyamba anaumaliza yekha. Wachiwiri anatsegula diso limodzi.

Nyimbo inatha. Ofuna ukhansala aja ankayang'ana nsapato zawo, makamaka uja wa amayi aang'ono. Mayi Carol anatsitsa foni, anatembenuka, n'kuuza anyamata aja ndi chala chokha kumene mpando uyenera kupita. Anaunyamula n'kukauika pamaso pa Sylvia. Iye anaupukuta fumbi ndi mpango, n'kukhalapo.

"Aphunzitsi," anatero Arthur, ataiwala kuti maikolofoni ili moyaka, "bwanji simunanene?"

"Ndinayamba kangapo, wadada," anayankha a Sinkala. "Inu mumamaliza."

A Oliver anali atadzuka. Anakoka lamba pamwamba pa mimba, anavala chipewa cha ntchito, anayenda mosafulumira mpaka pakati pa bwalo, n'kuyang'ana khamu lija kuyambira pansi mpaka m'mitengo.

"Monire mose, alendo athu," anatero mwaulemu. "Ndingofunsako pang'ono. Nonsenu mwalowa m'dziko muno ndi chilolezo cha yani?"

Anthu a ku Luvumbu anali ataphunzitsidwa bwino. Sanagwade, sanayambe ndi "pepani". Zifuwa patsogolo, zala zonse zinaloza jekete la mabatani onyezimira, ndipo anayankha pamodzi ngati kwaya:

"Arthur Simfukwe!"